Tebulo Limodzi, Mkamwini ndi Apongozi

Lachiwiri lapitali masana ndinaima kuseri kwa lesitilanti ina ku Lusaka, pafupi ndi migolo ya zinyalala, foni ili kukhutu, ndikulankhula ndi munthu amene kunalibe. Ndinkagwedeza mutu, ndinkayankha kuti "eya, ndamva," nthawi zina n'kuseka pang'ono. Foniyo inali zii. M'kati mwa lesitilantimo, pa tebulo limene ndinasungitsa ndekha, nkhuku yanga ndi chipisi zinali kuzizira.

Sekani ngati mukufuna, koma muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa ena a inu zomwezi zikukudikirirani pa tchuthi chikubwerachi.

Ana anga awiri, Chisomo ndi Tiyanjane, anandivutitsa chaka chonse kuti ndikawaonetse paki ya masewera ya ku Lusaka, ija amaiona pa mafoni a anzawo, ya akatungwe a magetsi ndi timagalimoto togundana. Ndinalonjeza kuti akakhoza mayeso tipita. Anakhoza, mwina pofuna kundikhaulitsa. Sukulu zitatsekera, amake Chisomo anati titenge ndi amayi awo, aNabanda, amene anali atabwera kwathu ku Katete kuchokera ku Vubwi kudzaonana ndi adokotala za matenda awo a shuga.

Ndinavomera ndi mtima wonse. Apongozi angawa si munthu wongokhala pakhonde kuwerenga nkhuku. Amagula nshawa, ndiye kuti mtedza, ndi soya m'midzi ya kumalire, amakwera njinga yamoto mpaka kutsidya ku Mozambique, ndipo wogula amene angayese kuwabera pa sikelo amachoka makutu akulira.

Za chakudya cha pa ulendo ndinati ndikonza ine. Pa nkhani imeneyi sindidzikayikira. Kumpingo kwathu kukakhala msonkhano waukulu, amene amadziwa kuti mbuzi zingati zikwana ndine, ndipo palibe anabwererapo ndi njala. Ndiye anthu asanu okha akanandikanika?

Ndinayala zonse bwinobwino. Tiyi ndi mbatata kunyumba tisanakwere basi, nsomba pa Luangwa, madzulo mpunga kunyumba ya alendo kumene tinakagona. Chotsala chinali chakudya cha masana cha tsiku la kupaki. Mphunzitsi mnzanga amene anapitako chaka chatha anali atandichenjeza kuti pageti salola chakudya chochokera kunja, komanso kuti nthawi ya tchuthi lesitilanti ya m'katimo imadzaza moti ukapanda kusungitsiratu malo umangodya ndi maso. Ndinaimba foni kudakali masabata awiri.

"Muli bangati?" anandifunsa mtsikana wa pafoniyo m'Chinyanja cha ku Lusaka.

"Asanu."

"Nthawi bwanji?"

"Wani koloko."

Nthawi imeneyi sindinangoitola. Apongozi amamwa mankhwala a shuga m'mawa, ndipo dzuwa likafika pamutu ayenera kudya. Akachedwa manja amayamba kunjenjemera, thukuta limatuluka, ndipo tsiku lina anagwa pamsika ku Vubwi anthu n'kuwanyamula. Ndinafunsanso ngati amaphika nsima ndi ndiwo zamasamba, ndiponso ngati pali chakumwa chopanda shuga. Zonse zinalipo. Nditadula foni ndinadziyamikira ndekha, poti panalibe wina woti andiyamikire.

Kwa inu amene munakulira kwina, ndifotokoze pang'ono. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sadyera pamodzi. Ndi ulemu umenewo. Chikwatirireni mwana wawo, sindinaonepo aNabanda akutafuna, ndipo iwonso sanandionepo ine. Ngakhale mawu amadutsira mwa mwana wawo, tonse tili m'chipinda chimodzi. Iwo amati, "Uwauze akamwini kuti feteleza wakwera," ine n'kuyankha kuti, "Awuzeni amayi kuti ndamva."

Mwambowu ndimaudziwa ngati dzina langa. Ndiye zinatheka bwanji?

Zinatheka chifukwa kunyumba zimaoneka ngati zimangoyenda zokha. Ine ndimadyera pabalaza, iwo kukhitchini ndi mwana wawo ndi adzukulu. M'basi anakhala kumbuyo, ndipo nsomba ya pa Luangwa anadyera komweko. Kunyumba ya alendo mbale yawo inapita kuchipinda. Amene ankasuntha mbale zonsezi mwakachetechete anali amake Chisomo. Chakudya chimodzi chokha chimene sanachigwire ndi manja awo chinali cha kupaki. Atandifunsa za icho ndinangoti, "Zakonzeka, musavutike."

Tinafika pageti m'mawa, ana akudumphadumpha. Mlonda anapisa m'chikwama cha apongozi n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki: mbatata ziwiri zophika ndi nshawa zokazinga. Amayenda nazo kulikonse chifukwa cha matenda awowa.

"Vakudya va panja siviloba, amai," anatero mlondayo. "Muzatenga potuluka."

Apongozi anayang'ana mwana wawo. Ine ndinakonza kolala ya shati.

"Awuzeni amayi asadandaule," ndinatero. "M'katimu zonse ndakonza."

Za masewerawo ndinene mwachidule: ndalama sinapite pachabe. Tiyanjane anakuwa mpaka mawu anatha. Chisomo, amene kunyumba amadzitcha mwamuna, anatsika pa katungwe wamkulu miyendo ili lendelende. Koma amene anandidabwitsa ndi apongozi. Titafika pa timagalimoto togundana anamanga chitenje molimba, n'kulowa m'kagalimoto kofiira. Ine ndinalowa m'kobiriwira. Magetsi atangoyaka anandilondola. Anandigunda kumbuyo, ndikutembenuka anandigunda m'mbali, ndikuthawira pakona anandipezanso. Ankaseka mpaka mpango unagwa. Mayi amene sangamwe madzi ine ndikuona anandikankha mpaka kukhoma anthu onse akuonerera, ndipo mwambo sunadandaule chilichonse.

Ndinasangalala kwambiri. Ndinaganiza kuti tsikulo ndalikhoza.

Nthawi itakwana tinalowa m'lesitilanti. Munali thothotho, ndipo pakhomo panali mzere wa mabanja osasungitsa malo, ana akulira, abambo akuyang'ana mawotchi. Ife tinawadutsa ngati nduna. Mtsikana woperekera zakudya anatitengera pa tebulo laling'ono pakati penipeni, mipando isanu, kapepala kolembedwa dzina langa kali pamwamba. Anatiuza kuti tebulolo ndi lathu kwa ola limodzi, chifukwa pambuyo pathu pali banja lina.

Ana anathamangira mipando ya m'mbali. Amake Chisomo anaima, n'kuyang'ana tebulolo, n'kuyang'ana ine. Mipando yotsala inali yoyang'anana maso ndi maso.

Apongozi anakhala m'mphepete mwa mpando, thupi atalitembenuzira kukhoma. Chakudya chinabwera msanga, poti ndinali nditaneneratu zimene tidye. Tinapemphera. Ana anayamba kudya. Ine ndinagwira foloko.

"Uwauze akamwini kuti azidya," anatero apongozi motsitsa mawu. "Ine ndakhuta."

"Mwakhuta chiyani, ambuya?" anafunsa Tiyanjane. "Simunadye kanthu chichokereni m'mawa."

"Iwe, idya," anatero amake.

Kenaka phazi la amake Chisomo linaponda langa pansi pa tebulo, ndipo silinaponde mwachikondi. Ndinakweza maso pang'ono. Apongozi anali atagwira kapu ya madzi ndi manja awiri, osamwa, ndipo madziwo ankagwedezeka. Pamphumi pawo panali thukuta, chonsecho kunja kunali mphepo ya mu Ogasiti. Mbatata zawo zinali kugeti, kutali. Chakudya chawo chinali patsogolo pawo, ndipo chowatchinga chinali ine.

Mantha anandigwira. Ndinakodola mtsikana uja n'kumupempha tebulo lina, ngakhale kampando kokha pakona.

"Kulibe, bosi," anatero. "Yonse yali na bantu. Si imwe munakamba ati tebulo imodzi?"

Sananame. Ndinali ine.

Mwina mukuti, bwanji osangonyamula mbale n'kukadyera panja? Ndinaganiza zimenezo. Koma kunyamula mbale pamaso pa anthu onse aja kukanakhala kulengeza kuti apongozi andithamangitsa pa tebulo. Munthu ngati aNabanda akanachita manyazi owirikiza, ndipo sakanadyabe. Kuwauza kuti "idyani amayi, kuno n'kutauni" ndiye kukanakhala kuwalamula kuti asankhe pakati pa ulemu wawo ndi moyo wawo, adzukulu akuonerera. Ndimawadziwa chimene akanasankha.

Ndiye ndinapisa m'thumba, n'kutulutsa foni imene sinalire.

"Halo? Ahedi? Eya, ndikukumvani. Dikirani ndituluke, muno muli phokoso."

Ndinaimirira, n'kuuza amake Chisomo kuti ndi nkhani ya kusukulu kumene ndimaphunzitsa, itenga nthawi, asandidikire. Mbale ndinaisiya pomwepo kuti ziziwoneka ngati ndibwerera. Ndinazungulira kuseri kumene kunalibe windo, n'kupitiriza kucheza ndi ahedi anga a m'mutu, kuopa kuti mwana wina angatumidwe kudzandiona. Apongozi amadya modekha, ndipo ndinadziwa kuti ndikabwerera ali pakati asamba m'manja nthawi yomweyo.

Kuseriko ndinaima nthawi yaitali, fungo la nkhuku likutuluka pa chumuni cha kukhitchini n'kumandipeza. Pomaliza foni inalira zenizeni. Unali uthenga wa amake Chisomo: "Adya. Manja asiya kunjenjemera. Bwerani."

Nditabwerera tebulo linali litapukutidwa kale, banja lina likukhalapo. Masana amenewo ndinadya mbuliwuli za m'kapepala, ndipo sindinadandaule.

Titabwerera ku Katete ndinafotokoza nkhaniyi kometera tsitsi, ndipo anzanga awiri anandipatsa nzeru zaulere. Woyamba anati zimenezo n'zachikale, apongozi asinthe, dziko linapita patsogolo. Wachiwiri anati kulakwa kwanga kunali kuwatenga, malo ngati amenewo si a anthu akuluakulu a kumudzi. Onse awiri ndinawakanira, ndipo ndikuwakanirabe pano.

Kwa woyamba ndikuti: alipo mabanja amene anasiya mwambowu, apongozi ndi mkamwini amagawana chipisi m'mbale imodzi, ndipo palibe chimawachitikira. Zawo zili bwino. Alipo ena amene amakhala pansi ndi akuluakulu n'kugwirizana kuti kuyambira lero tizidyera pamodzi. Zimenezonso n'zabwino. Koma mwambo umene munthu wausunga moyo wake wonse suthetsedwa m'lesitilanti yodzaza, ola likuyenda, shuga atatsika m'thupi. Ndipo woyenera kunena kuti uthe ndi mwini wake, osati ine chifukwa choti ndagula nkhuku.

Wachiwiri ndiye anandikwiyitsa kwambiri. Amene sanaone aNabanda ali m'kagalimoto kofiira asandiuze kuti malo aja si awo. Anasangalala kuposa ana. Paki inalibe vuto ndi iwo, nawonso analibe vuto ndi paki. Vuto linali tebulo, ndipo tebulolo ndinasankha ine.

Tinene zoona, kodi ndi ku Lusaka kokha? Masiku ano maukwati a ku Katete, ku Sinda ndi ku Chipata tikuchitira m'maholo. Timakongoletsa tebulo lalitali kutsogolo, n'kusanja makolo a mbali zonse ziwiri pamodzi ndi akwati, makamera ali pa iwo. Mukadzapitanso ku ukwati wotere mudzayang'ane mbale za amayi a mkwatibwi. Kawirikawiri zimabwerera momwe zinabwerera, kapena zimakutidwa ndi kapepala amvekere "ndikadyera kunyumba." Pa phwando la mwana amene wamaliza maphunziro n'chimodzimodzi. Timaimika aliyense pa mzere umodzi wodzitengera chakudya, mkamwini kumbuyo kwa apongozi, mtengwa pafupi ndi apongozi ake aamuna, kenaka timadabwa kuti achikulire sadya zambiri masiku ano.

Iwo sadandaula. Amati ndakhuta, ndadya kale, mano akundiwawa. Ife timakhulupirira chifukwa kukhulupirira n'kosavuta.

Chonsecho kumudzi nkhani imeneyi inakonzedwa kalekale. Pitani pa maliro kapena pa ukwati ku Mkaika muone amayi ogawa chakudya. Alibe foni yosungitsira malo, koma amadziwa kuti mbale iyi ikupita pansi pa mango, iyo kuseri kwa nkhokwe, ndipo uyu ndi uyo asaonane pakamwa. Asanawerenge mitu amayamba afunsa kuti mituyo ndi ya ndani. Ife ophunzira tatenga kuwerengako, kufunsako n'kusiya.

Mtsikana wa pafoni uja sindikumuimba mlandu. Ntchito yake ndi kufunsa kuti muli angati ndi kuti mubwera nthawi yanji. Sangadziwe kuti mwa asanuwo muli awiri amene sadyera pamodzi. Wodziwa zimenezo ndi amene akuimba foniyo.

Ndipo musandimve molakwika: kusungitsiratu malo n'kwabwino, ndipo ndizichitabe. Mabanja aja tinawadutsa pakhomo ena anadya dzuwa litapendeka. Ndikanapanda kuimba foni, apongozi akanakhala pa mzere umenewo, ndipo nkhani ino ikanakhala ina. Kungoti musanaimbe, khalani pansi ndi munthu amene amagawa mbale kunyumba kwanu, mumufunse kuti ndani adye ndi ndani. Ngati pafunika matebulo awiri ang'onoang'ono, pemphani awiri, ndipo munene kuti asayang'anane. Ngati muli ndi wodwala amene amayenda ndi kachakudya m'chikwama, funsiranitu za pageti muli kunyumba, osati mlonda atagwira kale mbatata m'manja. Palibe chovuta pamenepa. Chimafunika ndi kusiya kunena kuti "zakonzeka, musavutike" kwa munthu amene akudziwa zambiri kuposa iwe.

Ine ndinkaganiza kuti nkhaniyi inathera ku Lusaka, poti apongozi anadya ndipo sanagwe. Ndinkaganizanso kuti bodza langa la ahedi linagwira.

Lachisanu m'mawa tinawaperekeza ku siteshoni kuti akakwere minibasi ya ku Chipata, kumene amakapeza ya ku Vubwi. Ine ndinanyamula chikwama, amake Chisomo ali pakati pathu monga mwa masiku onse. Kondakitala akukweza katundu, apongozi anayang'ana pansi n'kuyamba kulankhula ndi mwana wawo.

"Uwauze akamwini kuti ndathokoza. Zimene ndaona kuja sindinazionepo chibadwire, ndipo ndikafika ndikawauza anzanga." Anakonza mpango. "Koma uwauzenso kuti ahedi saimba foni nthawi ya tchuthi. Mbale yawo ndinaiona ikubwerera kukhitchini yosakhudza. Munthu wavutika yekha kukonza ulendo, n'kukaima panja ndi njala chifukwa cha ine. Ulendo wina muzipita nokha ndi ana. Ine ndizitsala."

Mawu amenewa anandipweteka kuposa njala ya Lachiwiri. Sananene mokwiya. Ananena ngati munthu amene waganiza bwino n'kupeza kuti cholakwika ndi iye.

"Awuzeni amayi," ndinatero, "kuti mu Disembala tikupitanso, ndipo popanda iwo sitinyamuka. Awuzeni kuti matebulo adzakhala awiri, lawo ndi adzukulu pawindo, langa kuseri kwa chipilala, ndipo tonse tidzadya nthawi imodzi. Awuzeni kuti njala ija sinachokere kwa iwo."

Amake Chisomo anabwereza zonse, ngakhale kuti apongozi anali atamva kale. Iwo anangokwera, anakhala pawindo, minibasi n'kunyamuka. Mpaka pamene ndikulemba pano sananene kuti eya kapena iyayi. Matebulo awiriwo ndasungitsa kale, ndipo ndikhala ndikutumiza uthenga ku Vubwi mpaka atatopa nane.

Ine mwayi wanga ndi woti anandiuza chifukwa chake. Ambiri sanena. Amangoyamba kukana maulendo, lero miyendo, mawa mbuzi zilibe woziyang'anira, ife n'kumati akalamba, sakondanso zoyendayenda. Kwanuko ndani anasiya kupita nanu, ndipo tsiku lomaliza limene anapita, munamuona akudya?